Kodi chipembedzo chikutithandiza kapena chikungotimaliza?

Mwana wa ku Domwe:
Abale mwaswera bwanji. Ndili ndi funso koma musandidye, ndikulemba mtima ukuwawa. Mwezi wathawu tayika azakhali anga. Anali pa ma ARV zaka zambiri ndithu ali bwinobwino, amalima mbatatesi nkumakagulitsa okha pa msika ku Ulongwe kuno ku Mozambique, ukawaona sungaganize nkomwe kuti akudwala. Ndiye kunabwera mneneri wina, dzina sinditchula, ndi masipika ake ndi jenereta, anawathira mafuta pamutu nkuwauza kuti mwachira mayi, kumwabe mapilisi nkukayikira Mulungu. Botolo anakaliponya mchimbudzi, nkuperekanso mbuzi ziwiri kuti ati ndi mbewu. Pomwe ife timatulukira nkuti thupi litatha kale, tinathamanga nawo pa njinga yamoto koma anamwino anangopukusa mitu. Mneneriyo kumaliro sanapondeko ngakhale phazi.

Chomwe chikundizunguza mutu nchakuti amene anasambitsa thupi, kuphika nsima masiku atatu, kugona pansi kusiwa ndi amayi anga, ndi azimayi a mphakati wa tchalitchi chomwe azakhaliwo anachithawa. Anasonkha ufa, nkhuni, mpaka matabwa a bokosi, palibe anati "si uja anatisiya uyu". Ndiye ndiuzeni, zopempherazi zikutithandiza kapena zikungotimaliza?

Madala a ku Lifidzi:
Pepa mdzukulu wanga, Ambuye awalandire azakhali akowo. Funso lakolo ine ndakalamba nalo. Ndinaphunzira kuwerenga pa mishoni nthawi ya Apwitikizi, ndipo sindikubisira, sukulu ija inali ya katekisimu ndi khasu. Boma la Salazar, wolamulira Portugal, litasayinirana pangano ndi Vatican mu 1940, maphunziro a ife anthu akuda anaperekedwa m'manja mwa mishoni za Katolika, ndiye umaphunzira mitsinje ya ku Portugal koma osadziwa komwe mtsinje wathu wa Revubwe umachokera, masana ukalime munda wa mishoni. Mabishopu ambiri ankadyera mbale imodzi ndi atsamunda. Izo ndinaziona ndi maso angawa.

Koma ndi ansembenso amene anaulula za Wiriyamu. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu pafupifupi 400 kufupi ndi tauni ya Tete konkuno, akazi ndi ana, ena kuwatenthera m'nyumba. Boma linkati mudzi umenewo kulibe nkomwe. Anali ansembe achi Spain amene analemba maina a ophedwa, nkhani nkukafika kwa bambo Adrian Hastings yemwe anaitulutsa mu nyuzipepala ya The Times ku London mu 1973. Pakanapanda iwowo bwenzi pano tikungoti ndi nthano za agogo. Nduna yaikulu ya Portugal inadzapepesa mu 2022, patapita zaka 50.

Kuno kwathu mu 1985 ansembe awiri achiJesuit, bambo João de Deus Kamtedza ndi bambo Sílvio Moreira, anatengedwa usiku ku Chapotera nkuphedwa. Akanatha kuthawira ku Dedza kapena ku Ntcheu ngati tonsefe, sanathawe. Ndipo nkhondo ya boma la Frelimo ndi Renamo yomwe inatigoneka m'tchire ija inathera pa tebulo la anthu opemphera, gulu la Akatolika la Sant'Egidio ku Roma pamodzi ndi bishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira, mpaka pulezidenti Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo a Dhlakama anasayina za mtendere pa 4 Okutobala 1992. Ine tsiku limenelo ndinali ku kampu ya othawa nkhondo, tinamva pa wailesi, azimayi analuluta mpaka mawu kusasa. Ndiye wina akandiuza kuti chipembedzo chilibe ntchito ndimangomuyang'ana.

Shofeli wa shapa:
Madala ulemu wanu, koma mwatchula ansembe awiri abwino, ine ndingakuwerengereni aneneri makumi awiri akuba pa msewu wa Tete kupita ku Zobwe wokhawu kkkk. Ku Moatize dera lililonse matchalitchi ngati timaokala, munthu akachotsedwa ntchito ku malasha mawa lake wagula suti yonyezimira ndi maikolofoni basi ndi apostolo. Ndimanyamula azimayi Lamlungu akundinyengerera kuti ndiwachotsereko pa mtengo wa shapa (minibasi), koma mu mpango amanga 500 meticais ya "papa". Mwana kunyumba alibe kope. Ndiye papayo akudutsa pa galimoto ya magalasi akuda kutiwaza fumbi tonse.

Komanso nkhani yogawa anthu. Agogo anga aamuna anali a gule, atamwalira abale a tchalitchi anakhala patali ngati pali kolera, ati za akunja. Banja limodzi, maliro amodzi, misasa iwiri. Gule wamkulu yemweyo UNESCO inamuzindikira mu 2005 koma ife eni ake tikumutcha usatana. Nanga ku Cabo Delgado, kumpoto kwa dziko lino? Kuyambira 2017 ku Mocímboa da Praia anthu akudulidwa makosi m'dzina la Mulungu. Mtendere wa ku Roma mukunenawo, anyamata aja anasayina chifukwa anatopa ndipo chilala cha 1992 chinawakhaulitsa, ansembe anangoyala tebulo.

NaPhiri wa pa Zobwe:
Achimwene a shapa, kuyala tebulo mukukuona kuchepa? Zaka ziwiri anthu akukambirana, mbali zonse zosakhulupirirana, mukanayala inuyo ndi kondakitala wanu? Ndipo za Cabo Delgado musasakanize, ambiri omwe akuphedwa ndi kuthawa kumeneko ndi Asilamu omwewo, ndipo mashehe ena anachenjeza kale za anyamata odula anthu makosiwo zinthu zisanafike poipa. Apa pali umphawi, pali mkwiyo wa achinyamata oona gasi akudutsa iwo ali chimanjamanja, Mulungu angomukwezapo ngati katundu.

Koma ine ndabwerera mlongo wanga wa ku Domwe. Pepani kwambiri achimwene. Ndimayenda m'makomo kutsata anthu omwe asiya kukatenga mankhwala, ndipo nkhani ya azakhali anuyo si yachilendo. Chimachitika nchakuti munthu akamamwa bwino ma ARV kachilombo kamachepa m'magazi mpaka osaoneka pa makina oyezera kuchuluka kwake, ndiye mneneri amatenga pepala lomwelo nkumalikupiza kutsogolo kuti onani chozizwitsa. Kachilomboko sikanathe ayi, kangobisala, mukasiya mapilisi kamadzuka, ndipo nthawi zina mankhwala akale aja sagwiranso. Chomwe chimandipsetsa mtima nchakuti a Sant'Egidio omwe madala atchulawo ndi amene anayambitsa pulogalamu ya DREAM mu 2002 yopereka ma ARV ulere muno m'Mozambique, nthawi imene ambiri ankati mankhwalawa si a anthu osauka. Baibulo lomwelo, wina akugawa mapilisi wina akuwaponyetsa mchimbudzi. Ine ndimapemphera, ndine wa mpingo wa Reformada, koma m'busa akandiuza kuti siya mankhwala ndinyamula chitenje changa pompo. Mneneri wanuyo ndi wakupha basi, musamupake mafuta.

Shofeli wa shapa:
Achemwali mwandilasa pa kondakitala kkk. Koma onani, mukuvomereza nokha kuti chapulumutsa anthu ndi pilisi osati pemphero. Enawo mukuwatamawo akanatha kugawa mankhwala popanda mtanda.

NaPhiri wa pa Zobwe:
Akanatha inde, koma anagawa ndani? Inu simunagawe.

Mwana wa ku Domwe:
Zikomo nonse, madala za Chapotera amayi anga amazinenanso, sindimadziwa kuti chinali chaka chimenecho. Mtima sunatsikebe, tchalitchi ndayamba ndaima kaye, ngakhale dzulo azimayi a mphakati aja anabweranso ndi dengu la nyemba ndipo ndinachita manyazi kuwabisalira. Achemwali NaPhiri ndithandizeni apa, mwana wa malemuwo, mtsikana wa zaka 19, akupitabe kwa mneneri yemweyo ndipo naye ali pa mankhwala. Akuti amayi ake anafa chifukwa chikhulupiriro chinachepa. Botolo lake ndaliwerenga mobisa Lachiwiri ndi lero, mapilisi ndi omwewo sanachepe. Ndimuyambe bwanji osati andithawe?