Thandizeni: batani lapadera lodinira mausi lingapezeke kuno ku Lilongwe?

Moni nonse m'gulu muno. Bambo anga anadwala sitiroko chaka chatha, ndipo dzanja lawo lamanja silinabwerere mwakale. Ntchito yawo ndi yotayipira anthu makalata ndi ma CV pakashopu kathu ku Area 25. Kukankha mausi amatha bwinobwino, pavuta ndi podina. Akati adine, chala chimanjenjemera, dzanja lonse n'kusuntha, kamuvi n'kuthawa pomwe amafuna. Dzulo anatseka kalata ya kasitomala asanaisunge. Ndinawapeza atangoti chete, akuyang'ana dzanja lawolo, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Ndinamva kuti kuli batani lapadera, loti dzanja lina liziyendetsa mausi, lina kapena phazi lizidina. Ndazungulira mashopu a ku Old Town, aliyense akungonditulutsira mausi yopanda waya. Ndilowere kuti abale?

Mayankho

— Pepani ndi matendawo achimwene. Musanagule kanthu, lumikizani mausi ziwiri pakompyuta imodzi, Windows imalola. Yachiwiriyo muimate selotepi yakuda pansi pomwe pamawala paja kuti isamayendetse kamuvi. Ikhale kumanzere, ntchito yake kudina basi.

— Ngati kiyibodi yanu ili ndi manambala kumanja, yatsani Mouse Keys: dinani pamodzi Alt yakumanzere, Shift yakumanzere ndi Num Lock. Mukatero 5 imadina kamodzi, + imadina kawiri.

— Chomwe mukufunacho chilipo. Pali foot switch ya USB yopondera ndi phazi, komanso mu 2022 Microsoft inatulutsa Adaptive Mouse ndi mabatani ake apadera. Koma zimenezi n'zooda kunja, ndipo madola mukudziwa mmene akuvutira. Ine ndimakonza makompyuta, ndinamupangirapo munthu chonchi: ndinatsegula mausi, n'kuwotcherera mawaya awiri pakaswitchi ka batani lakumanzere, n'kuwalumikiza ku batani la belu lapakhomo. Wokonza mafoni aliyense wa ku Malangalanga angathe.

— Mwana wanga, musanathamangire chopondera, kafunseni a physio, a mafizo aja, ku chipatala cha Kamuzu Central. Amuna anga sitiroko inagwira dzanja ndi mwendo mbali imodzi, phazi limatopa msanga.

— (Wofunsa) Zikomo kwambiri mayi, tikawafunsa. Achimwene a selotepi, njira yanu yatheka! Madzulo ano bambo atsegula Word okha n'kusindikiza kalata popanda kundiitana. Chatsala n'kukoka mafayilo, chifukwa kugwirizira batani nthawi yaitali kukuwavutabe. Pamenepa nditani?

— Pitani ku Control Panel, kenako Mouse, muchonge ClickLock. Akagwira batani kakanthawi kochepa limakhala ngati lagwiridwa, akadinanso limasiya.