Zoo yabwino kwa njovu timaidziwa bwanji?

Nachisale, Luton:

Moni nonse. Ana anga awiri anabadwira kuno ku England ndipo njovu amangoionera pa TV. Holide ikubwerayi ndikufuna akaione ndi maso. Pafupi nafe pali Whipsnade, anzanga ena akuti Chester, ena akuti Noah's Ark ya kufupi ndi Bristol poti malo ake a njovu ndi maekala 20. Koma mtima wanga sukukhazikika. Ine ndinakulira ku Liwonde, ndikudziwa mtunda umene njovu imayenda, ndiye sindikufuna kulipira ndalama pamalo pamene nyama ikuvutika. Kodi zoo ya bwalo lalikulu ndiye yabwino basi? Inu amene mwayendako, mumayang'ana chiyani?

Phiri wa ku Joni:

Mayi Nachisale, maekala ndi abwino, koma musayambire pamenepo. Yambani mwayang'ana pansi pamene njovuyo yaponda, makamaka m'nyumba imene imagona. Kwanuko kukazizira njovu zimakhala maola ambiri m'kati, ndiye bwalo lingakule bwanji, ngati usiku wonse nyama ya matani anayi yaima pa simenti yonyowa ndi mkodzo, mapazi amatha. Zikhadabo zimang'ambika, pansi pa phazi pamatuluka zilonda, nyamakazi imalowa m'mawondo. Matenda a mapazi ndi a mafupa ndi amene amapangitsa kuti njovu zambiri za m'zoo azibaye jakisoni wozipha kuti zisavutikenso.

Ndinaonapo yaikazi ina pa zoo ina imene sinditchula. Inaima pakona, kumbuyo kwake kuli bwalo lonse lopanda kanthu, ikungopendekera uku ndi uku, mutu ukugwedezeka, chitamba chikukwekwereza pansi. Chikhadabo cha phazi lakutsogolo chinali chong'aluka mpaka kumwamba, ndipo phazilo imaliponda mwapang'onopang'ono. Anthu ankaombera m'manja kuti ikuvina. Sikuvina kumene kuja, ndi khalidwe la nyama yosowa chochita ndi yosowa anzake, ndipo kutchire simungalione. Zinandiwawa kwambiri.

Chachiwiri funsani ubale wa njovuzo. Zazikazi zimakhala moyo wonse ndi amayi awo, azichemwali ndi ana. Kutenga zitatu zosadziwana n'kuziika khola limodzi si kupanga banja ayi. Kuno Lammie, yemwe anabadwira pa Johannesburg Zoo mu 1979, anatsala yekha mnzake Kinkel atafa mu 2018. Chaka chotsatira anamubweretsera ziwiri zina, Ramadiba ndi Mopane, koma mabungwe oona za nyama anapitabe kukhoti kufuna kuti zonse zitatu zichoke pa zoopo.

Kenako onani chakudya. Kutchire njovu imatha maola 16 kapena kuposa ikudya, kuthyola nthambi, kusenda makungwa, kukumba mizu. Pamalo abwino udzu amaupachika m'maukonde pamwamba kuti itambasule chitamba, nthambi zimabwera tsiku lililonse, pali dziwe lakuya ndi thope loti idzipake. Mukaona mulu wa udzu wangoikidwa pansi pamalo amodzi, dziwani kuti pakatha ola limodzi njovuyo ilibenso ntchito.

MwanaWaGomani:

A Phiri mwafotokoza bwino, koma ine ndikuti palibe zoo yokwanira njovu. Kafukufuku wina amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2008 anayerekeza njovu zazikazi za mu Africa za m'mazoo a ku Ulaya ndi za ku Amboseli ku Kenya. Za m'zoo theka linali litafa pofika zaka pafupifupi 17, pomwe ku Amboseli, pa zofa imfa yachilengedwe, zaka zake zinali 56. Kuthira mchenga m'malo mwa simenti kungatseke mpata umenewo?

Mazoo ena anavomera okha. Detroit inatumiza njovu zake kumalo opumulirako nyama ku California mu 2005, ndipo za ku Toronto zinapita komweko mu 2013. Pa zoo ya ku Pretoria, Charlie, amene anagwidwa ku Hwange ku Zimbabwe ali mwana mu 1984 n'kukhala zaka zambiri m'sekasi (masewero oonetsa nyama), anatulutsidwa mu August 2024 kupita ku Shambala m'chigawo cha Limpopo, malo osungirako nyama zakutchire a mahekitala pafupifupi 10,000. Ndipo muzifunsanso kumene njovu inachokera. Ana a njovu ambirimbiri anachotsedwa kwa amayi awo ku Hwange n'kugulitsidwa kumazoo a ku China, mpaka msonkhano wa CITES (pangano la mayiko pa malonda a nyama zakutchire) wa ku Geneva mu 2019 unakhwimitsa malamulo. Mayi, sungani ndalama, mudzapite ndi ana kumudzi akakwere boti pa Shire.

Mai a Tadala, Manchester:

Achimwene a Gomani, tikiti ya anthu atatu yopita kumudzi mukuidziwa mtengo wake? Komanso njovu zimene zinabadwira m'zoo sizichoka mawa, ndiye kusiyanitsa malo abwino ndi oipa kuli ndi phindu. Ziwerengero zanuzo zinachokera pa zolemba za 1960 mpaka 2005, nthawi ya unyolo ndi simenti. Zambiri zasintha.

Achemwali, London Zoo inasamutsira njovu zake ku Whipsnade mu 2001. Nyumba yawo yatsopano, imene Mfumukazi Elizabeth anatsegula mu 2017, pansi pake ndi mchenga wakuya pafupifupi mita imodzi. Ku Chester nakonso ndi mchenga, ndipo ndinaona ndekha yaikulu ina itagona chammbali yatsamira mulu wa mchenga, kamwana kakukwera pamiyendo pake. Njovu yokalamba pa simenti yafulati imaopa kugona poti kudzuka kumavuta, ndiye miyulu ija si yokongoletsa. Kungoti mudziwe, Whipsnade ndi Chester zonse ndi njovu za ku Asia, za makutu aang'ono, osati za kwathu zija. Za ku Noah's Ark ndi za mu Africa koma zamphongo zokhazokha, zomwe si zachilendo poti kutchire nako zamphongo zikakula zimachoka pagulu la amayi.

Chimene sindingabise ndi kachilombo ka EEHV, kamene kamapha ana a njovu za ku Asia m'masiku ochepa chabe. Chester yataya ana angapo, zoo ya ku Zurich ku Switzerland inataya atatu mu 2022 ngakhale nyumba yake ili m'gulu la zamakono kwambiri ku Ulaya. Pamenepa a Gomani ali ndi mfundo, nyumba yabwino siithetsa zonse. Chester yomweyo ndi imene yakhala ikuyesa katemera wake.

Nachisale, Luton:

Zikomo nonse. Ndiyamba ndi Whipsnade poti ndi pafupi. A Phiri, kodi alendo amaloledwa kuona kogona njovu, kapena timangoima panja?

Phiri wa ku Joni:

Mazoo ambiri atsopano ali ndi poonera m'kati, ndipo osamalira nyama amakhala ndi nthawi yolankhula ndi alendo. Afunseni ngati usiku chitseko chimakhala chotsegula kuti njovu isankhe yokha kugona m'kati kapena panja, komanso ngati amaisamalira ali kuseri kwa mpanda popanda ndodo ya ngowe. Mufike m'mawa akangotsegula, ndipo mubwerereko chakumadzulo nthawi yotseka ikayandikira, chifukwa kupendekera kuja kumaonekera kwambiri njovu zikamadikira pachitseko.