D4 yakale yasakaniza madzi ndi oilo: tiike Perkins kapena tikonze injini yomweyi?

Makanika wa ku Kasungu:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Ndili ndi katapila pano, Caterpillar D4 ya mtundu wa 7U, ija yoliza ndi kainjini ka petulo. Mwini wake anaigula ku esiteti ina ya fodya komwe inangokhala pansi pa mtengo zaka zambirimbiri, akufuna azikumbira madamu ndi kuzulira zitsa. Ndatsitsa sampu, oilo ali ngati phala la mgaiwa. Hedi yang'aluka pakati pa mavavu pa silinda yachitatu, masilivu awiri adyeka kumunsi komwe kumakhala ma O-ring, kiranki ili ndi mizere pa big end. Kainjini ka petulo nako magneto yopereka moto ku mapulagi kulibe, anazula kalekale. Bwana akuti mvula isanagwe ikhale ikugwira ntchito, ndipo wapeza injini ya Perkins 4.236 yochoka mu thalakitala ya Massey Ferguson, akuti tingoika basi. Wina akumunyengerera Isuzu 4BD1 ya mu lole. Amene anaikapo injini ina pa D4 andiuze, kilatchi munalumikiza bwanji? Za "igulitseni ku sikirapu" ayi chonde, ndamva kale.

Mdala wa ku Kanengo:
Mwana wanga, injini imeneyo usaichotse. Ndi D315, malita 5.7, imazungulira ka 1400 pa miniti basi koma ikakoka imakoka. Perkins yako ndi malita 3.9 osakwana. Konza yomweyo.

Wa lathe ku Limbe:
Achimwene, kutheka n'kotheka koma musamve za "kungoika". Flywheel ya Perkins ndi yaing'ono, kilatchi ya D4 singakhalepo. Mwina musemetse chitsulo cholumikizira kuti flywheel ya Caterpillar imange pa kiranki ya Perkins, mwina musiye ya Perkins n'kuika kashafuti pakati. Njira yoyambayo ine ndimaiopa, flywheel ija ndi yolemera kwambiri, bearing yakumbuyo ya Perkins sinapangidwire katundu wotero. Ndipo puleti yolumikiza injini ku housing ya kilatchi isakhale yodula ndi gasi n'kuboola ndi maso. Ikhale ya pa makina, muyeze ndi dial gauge. Mukaphonya pakati ngakhale pang'ono, pilot bearing, ija yogwira shafuti pakati pa flywheel, izingotha mwezi ndi mwezi, kenako shafuti ya giyabokosi.

Opareta wa ku Nchalo:
Ine si makanika koma ndinayendetsapo yoikidwa injini ya thalakitala. Mavuto ake ndi liwiro. Magiya a katapila anawerengera injini ya 1400. Perkins mphamvu zake zimabwera cha m'ma 2000 kupita 2200, ndiye mukaitsegula yonse, giya yoyamba ikuthamanga kuposa mmene iyenera kukhalira ndi theka lathunthu. Mukafika pa chitsa cha msuku mumangomva kuti gu! injini yazima. Mukatsitsa moto kuti iyende bwino, ilibenso mphamvu, utsi wakuda wokhawokha. Tinkakankha dothi theka la buledi tsiku lonse. Kutchire kwathu kuno dothi la makande likauma, imeneyo sinkalowa n'komwe.

Mdala wa ku Kanengo:
Mwamva? Ndi zomwe ndikunenazo. Konzani D315.

Makanika wa ku Kasungu:
Madala ndakumvani, koma hedi ndiipeza kuti? Ndazungulira ku Malangalanga konse, ena sakuidziwa n'komwe D315. Ma 7U anasiya kupangidwa 1959. Mukandiuza konza, ndiuzeninso kogula.

Mnzanu wa ku Joni:
Masilivu, mapisitoni, maring'i, mabearing ndi gasiketi za D315 zimapezekabe, osati za Caterpillar yeniyeni koma za makampani ena opanga zofanana nazo. Chovuta ndi hedi. Yatsopano iwalani, muyenera kusaka yochoka mu ina yakufa, ndipo zambiri mwa zimenezo zinang'alukanso malo omwewo. Musalipire musanaione itayesedwa ndi presha. Komanso ndi chitsulo cholemera, mtengo wotumizira pa lole mpaka ku Mwanza, msonkho, kuphatikiza vuto la ndalama zakunja lomwe mukulidziwali, bwana wanuyo akhale pansi kaye musanamuuze. Ndisanaiwale: onani nambala ya makina kumbuyo ndi ya pa injini ngati zikugwirizana. D315 inkaikidwanso m'magiredala ndi m'majenereta, zina ndi zina zimasiyana.

Wowotcherera wa ku Ndirande:
Hedi yong'aluka musaithamangire ndi rodi wamba. Chitsulo cha cast chimafuna kutenthetsa hedi yonse, kuwotcherera ikadali yotentha, kenako kuikwirira mu mchenga kapena phulusa izizire yokha usiku wonse. Wina anandibweretsera atayesa yekha ndi rodi ya mageti, mng'alu unachoka pa vavu kukafika pa dzenje la nozzle yopopera dizilo. Koma mwatsimikiza kuti madzi akuchokera pa mng'aluwo? Injini zimenezi zili ndi timachemba tija timene nozzle imalowamo, timangidwa mu hedi ndipo tazunguliridwa ndi madzi. Tikadyeka kapena washer wake akatha, madzi amalowa mu silinda chimodzimodzi.

Mdala wa ku Kanengo:
Eya, precombustion chamber. Anyamata a lero sazidziwa. Ndipo pali china chomwe simunachiganize nonsenu. Pa D4 yakale injini sinangokhazikidwa pa chasisi monga mu lole. Imamangidwa ku giyabokosi, ndipo ndi yomwe yanyamula kutsogolo konse, redieta ndi zonse, sipuling'i yaikulu ija yopingasa ili pansi pakepo. Mukaichotsa muyenera kupanga felemu yanu. Mwaika Perkins, buledi yagunda mwala, mphamvu yonseyo ipita kuti? Buloko ithyoka makutu. Komanso kutsogolo kupepuka, katapila izingodzuka mphuno. Konzani D315.

Wa lathe ku Limbe:
Pa felemu madala akunena zoona. Onjezaninso pampu ya hayidiroliki. Ngati ili kutsogolo kwa redieta, imazunguliridwa ndi kiranki, ndiye nayo ifuna shafuti yatsopano, ndipo pa 2200 mukuithamangitsa mopitirira. Za Isuzu zija ndiye ndingakane ndithu. Gavana ya injini ya lole anaipangira phazi la dalaivala, pomwe katapila imafuna yoti mukaika pamalo amodzi izidziwonjezera yokha mafuta katundu akalemera. Ya thalakitala bola, gavana yake ndi yotero kale.

Foromani wa ku Mzimba:
Nonse mukukamba injini. Achimwene a ku Kasungu, pansi mwayang'anapo? Makina okhala zaka pansi pa mtengo, ma steering clutch, makilatchi okhotetsera aja, amagwirana ndi dzimbiri, amenewo ndi ouma, madzi akalowa basi. Ine ndinaonapo munthu atatha ndalama zonse pa injini, tsiku loliza anthu mpaka kuwomba m'manja, kukoka ndodo yakumanzere katapila ikungopita kutsogolo, inakaima m'munda wa chinangwa wa eni ake. Kuti mufike pa makilatchi amenewo ndi ntchito ina yaikulu. Onani mano a sipuroketi ngati asongoka, gwedezani ma roller, yezani kutalika kwa tcheni, tsegulani ma final drive, magiya ozunguza sipuroketi aja, muone ngati mukutuluka oilo kapena matope ndi tizitsulo. Pansi pakakhala potha, mtengo wake uposa wa injini iliyonse imene mukuikambayi.

Makanika wa ku Kasungu:
Sipuroketi zili bwino ndithu, tcheni chakumanja chatambasuka pang'ono. Ndodo yakumanzere ndi yolimba, sikusuntha. Ma final drive sindinatsegule, mawa. Koma funso langa la kilatchi wayankha ndi mmodzi yekha.

Opareta wa ku Nchalo:
Ndodo yolimbayo ndi zomwe akunena a foromanizo. Za kainjini ka petulo, musakanyoze. M'mawa wa mu June timakaliza ndi chingwe, kazungulitse injini yaikulu kompuresheni ili yotsegula mpaka presha ya oilo ikwere, utsi wake ukutenthetsa mpweya wolowa, madzi akenso ndi amodzi ndi a injini yaikulu. Mukatseka kompuresheni n'kupatsa dizilo, imadzuka bwinobwino popanda kuipopera chilichonse. Chachikulu, pozimitsa tsekani petulo kathe kokha mu kabuleta, apo ayi petulo amatsikira mu oilo wake, ndipo oilo wake ndi wochepa kwambiri. Tambiri tinafa choncho.

Mnzanu wa ku Joni:
Ena amachotsa kainjiniko n'kuika sitata ya 24V, koma onani kaye ngati housing yanu ili ndi malo ake, zina zimafuna kuboola. Ndipo popanda ma glow plug otenthetsa m'masilinda poliza, kozizira ngati ku Dedza muzilimbana nayo.

Mdala wa ku Kanengo:
Magneto amapezeka, ndipo amakonzeka. Koyilo ndi ma point basi. Ife tinkapanga misewu ya m'maesiteti ndi makina amenewa, dzuwa lonse, injini osatentha. Kiranki ipite akaigaye, masilivu atsopano, hedi isakidwe modekha. Bwanayo muuze kuti mvula ya chaka chino imupite, damu adzakumba chilimwe chikubwerachi. Ukaika Perkins udzabweranso pompano kudzafunsa za shafuti yothyoka.

Wowotcherera wa ku Ndirande:
Tumizani chithunzi cha mng'aluwo mutapukuta bwino ndi palafini, ndione ngati wafika pa mpando wa vavu.

Foromani wa ku Mzimba:
Poti tikukamba zakalezi, alipo ali ndi idler, gudumu lakutsogolo loyendapo tcheni, ya katapila ya D6 9U, ngakhale yotha mabushi? Yathu yang'ambika mkombero, yaima pakati pa ntchito.