Ndikumanga ku Bembeke ndili ku Joni, simenti ikungotha khoma osakwera

Wakubembeke:
Abale ndithandizeni nzeru mutu waima. Ine ndili kuno ku Joni chaka chachinayi tsopano, ndiye chaka chatha ndinayamba kumanga kanyumba kwathu ku Bembeke, zipinda zitatu ndi pabalaza basi, si zapamwamba ayi. Njerwa tinaumba ndi kuotcha ine ndili komweko pa holide, zimenezo zinayenda bwinobwino. Zinayamba kusokonekera nditabwerera kuno. Akuyang'anira ndi achimwene anga aakulu, bere limodzi, ndimatumiza pa Mukuru iwo n'kukatenga pa boma. Kufika lero ndatumiza ya matumba 40 a simenti koma nyumba idakali pa windo levo, ndipo zithunzi zomwe amanditumizira pa WhatsApp ndi mbali imodzimodzi yoyang'ana kumsewu, kuseri sindinakuonepo. Ndikafunsa akuti simenti yakwera, mawa lake mmisiri ali ku maliro, tsiku lina mwini ngolo wakana kututa mchenga. Mlongo wanga wandinong'oneza kuti munda wa kachewere wa achimwenewo chaka chino wadya feteleza osati masewera. Sindikufuna kuyambana nawo, anandilipirirako fizi ku sekondale bambo atamwalira. Ndipange bwanji?

Mmisiri wa pa Lizulu:
Achimwene ine ndamanga nyumba zambiri za anthu a ku Joni kuyambira pa Lizulu mpaka Mlangeni, nkhani yanuyi si yachilendo. Koma musanaweruze funsani kaye, pansi anathira konkiriti? Khoma akumangira simenti kapena dothi? Ngati anathira silabu ndipo akumangira simenti kuchokera pa fandeshoni, matumba 40 atha kutha ndithu popanda wakuba. Koma ngati akumangira dothi ngati mmene timachitira nyumba zambiri za kumudzi, ndiye pamenepo pali nkhani. Uzani mlongo wanuyo akande pakati pa njerwa ndi msomali, aona yekha.

Chomwe ndimawauza mabwana anga ndi ichi, leba tipangane pa siteji. Fandeshoni mtengo wake, kufika pa windo levo mtengo wake, lintala, kenako denga, pulasitala pamapeto. Siteji ikatha muimbe vidiyo kolo, osati chithunzi, munthu azungulire nyumba yonse foni ili m'manja inu mukuona, alowe chipinda chilichonse, ndiye mulipire mmisiri pa foni yake pa Airtel Money kapena Mpamba osadzera kwa wina. Mapepala a simenti asamataye kapena kuyatsira moto, azisunga muziwerenga limodzi.

China, simenti musamagule yambiri nthawi imodzi. Bembeke mukuidziwa nokha chinyezi chake, nkhungu ya mu Juni ija, thumba likakhala pansi miyezi iwiri itatu mulipeza lagwirana ngati mwala. Gulani ya siteji imodzi, aike pa matabwa osatsamiritsa ku khoma. Zoyenera kugula msanga ndi malata, mafelemu, misomali, izi siziwola ndipo kwacha yathuyi simudziwa tsiku lake, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 pelesenti tsiku limodzi anthu amene anasunga ya malata m'thumba analira. Pa malatapo samalani geji, mwatumiza ya 28 geji munthu akagula 32 yopyapyala ija chenji n'kuika m'thumba, pa chithunzi zimaoneka chimodzimodzi.

NaMbewe ku Cape:
Amisiri anena zoona koma ine ndilankhulako za achimwene anuwo. Inu mumawalipira? Ndikufunsa dala. Chifukwa ifeyo tili kunja kuno timaganiza kuti m'bale aziyang'anira ulere, munthu asiye dimba lake, akwere kabaza kupita pa boma, akangane ndi amisiri, aphikitse nsima ya aganyu, awerenge amayi otunga madzi, zonsezo chifukwa choti ndi m'bale basi. Ndiye ndalama zikudutsa m'manja mwake mamiliyoni iye mwana wathamangitsidwa fizi, mukuti atani? Si mngelo.

Ine ndamanga pa Kampepuza. Chaka choyamba ndinkatumiza kwa alamu anga, zinatha ngati zanuzi, mpaka amayi anasiya kundiyankha foni akuti ndawatcha akuba apabanja. Ndinalira ine, ndalama yochapa m'nyumba za azungu dzanja kuchita kusupuka. Kenako ndinasintha. Ndinapeza hadiweya imodzi pa Ntcheu boma, ndimalipira konko mwachindunji iwo n'kunditumizira lisiti, alamu amangopita kukatenga katundu. Ndiye pa mwezi ndimawapatsa yawoyawo ndikuwauza kuti iyi ndi ya sopo wanu chifukwa cha ntchito mukundigwirira, ina ya amayi payokha ya ufa ndi ndiwo. Kuchokera pamenepo thumba silinasowepo ngakhale limodzi, ndipo alamu omwewo ndi amene anagwira mmisiri akuchepetsa simenti pa pulasitala, mawilibala a mchenga mbwee thumba limodzi.

Za fetelezayo musawafunse nkomwe, ingoyesani mwabweza fizi ija.

Chekaukafuna:
kkkkk mbali yoyang'ana kumsewu. Mnzanga wina wa ku Mayani ankamutumizira zithunzi za nyumba ya neba zaka ziwiri, pofika anapeza fandeshoni mwamera chisoso. Man kwerani basi mukaone nokha, ya thiransipoti siingapose matumba mwataya kalewo.

Agogo a Tadala:
Mwana wanga, onsewa akukamba za simenti, ine ndikufunsa malo. Mukuti kwanu, ndiye kuti ndi kwa amayi anu eti? Malowo anakupatsani ndani, pamaso pa ndani? Kwathu kuno mukudziwa dothi limayendera kuchikazi, eni mudzi ndi alongo anu ndi ana awo. Lero muli moyo palibe angalankhule, koma tsiku mudzatsikire kuli chete akazi anu ndi ana anu adzauzidwa kuti kwanu si kuno. Ndaziona ndi maso anga kuno kwa Kachindamoto, komanso ndaona mkamwini atamanga ya malata kwa mkazi, banja litatha anachoka ndi kachikwama kokha.

Musanakhome denga itanitsani amalume anu, alongo anu onse ndi amfumu, akhale pansi, malire aponde, zilembedwe papepala amfumu adinde, pepala lina musunge inu lina akazi anu. Zikatheka mukafunsenso ku ofesi ya za malo kwa DC za kalembetsedwe kake. Ena amaona bwino kungogula puloti pa tiledingi senta kuti ikhale yawoyawo, koma poti mwayamba kale konzani pomwepo.

Mmisiri wa pa Lizulu:
Ndinaiwala, ngati mukuona kuti denga silitheka mvula isanayambe mu Novembala, aphimbe pamwamba pa khoma ndi pulasitiki atsindike ndi njerwa, makamaka ngati ndi ya dothi. Matabwa a paini akagula awapake mankhwala a chiswe, asakhome aawisi amapindika.

Wakubembeke:
Zikomo nonse. Mlongo wanga wapita dzulo ndi msomali uja, akuti fandeshoni ndi simenti koma khoma lonse ndi dothi, kuseri sikunafike ndi pa windo pomwe, mapepala a simenti wapeza 17. Usiku sindinagone. Komabe amayi a ku Cape mwandilasa, zaka zonsezi achimwene sindinawapatsepo kanthu kawokawo, ndimangoti poti ndi akulu anga. Ndawaimbira m'mawa uno za feteleza sindinatchule, ndangoti kuyambira pano katundu ndizilipira ndekha ku hadiweya inu muzikalandira, ndipo pakutha pa mwezi muziona kenakake. Anangoti chabwino, mawu ake ozizira, kaya akwiya kaya ndi manyazi.

Agogo za malozo sindinaziganizepo n'komwe, anangondilozera amayi pakamwa. Ndibwera mu Disembala tidzakhale pansi ndi amalume. Amisiri a pa Lizulu, khoma la dothilo ndipitirize pomwepo lintala n'kuika ya simenti, kapena ndigwetse mbali yakuseriyo poti sinakwere?