Avatar ya Netflix: inu mwaiona bwanji?

Wa ku Area 25: Abale, ndani waonera Avatar: The Last Airbender ya Netflix, ija ya anthu enieni inatuluka mu 2024? Katuni yake ya 2005 ndimaikonda kwambiri, koma iyi sinandifike pamtima. Zigawo 20 za sizoni yoyamba anazipanikiza kukhala 8, moti mumzinda wa Omashu anaunjikamo nkhani za Jet, Bumi ndi Mechanist ngati minibasi ya madzulo. Chikundiwawa kwambiri ndi Katara. Mu katuni anali wolusa, wosagonja kwa mchimwene wake Sokka. Apa angomufatsitsa, moto uja kulibe. Ndiye Aang, Avatar mwiniwakeyo, sizoni yonse osaphunzira n'komwe kulamulira madzi!

Mayi a ku Kawale: Achimwene, za Katara mwanena zoona, koma vuto si mwana amene akusewera Katarayo, ndi olemba. Anawo amangowapatsa mawu ofotokoza zakukhosi m'malo moti tizione tokha pankhope. Koma Dallas Liu ngati Zuko, mwana wa mfumu ya dziko la Moto, musamunyoze. Nkhani ija yoti asilikali a m'sitima yake ndi omwewo a gulu la 41 amene anawaikira kumbuyo mpaka bambo ake kumuwotcha nkhope, mu katuni munalibe, ndipo ine inandigwetsa misozi.

Mnyamata wa ku Biwi: Amayi, onjezanipo maliro a Lu Ten, mwana wa Iroh, bambo aakulu a Zuko. Paul Sun-Hyung Lee ngati Iroh wangokhala duu pampando, Zuko n'kubwerera kudzakhala pambali pake. Iroh anamusewera bwino zedi.

Wa ku Area 25: Pamenepo ndavomera. Koma sizoni yachiwiri akamufatsitsanso Toph, mtsikana wosaona wolamulira nthaka uja, ine ndisiya kuonera.