Kabedi ka khanda kogundika ku bedi la makolo kabwera kopanda malamba, ndichite bwanji?

Moni nonse a pa gulu lino, makamaka amayi anzanga ndi azamba amene mumatithandiza nzeru kawirikawiri. Ndikulemba kuchokera ku Mtunthama m'boma la Kasungu, ndipo ndapempha oyang'anira gulu kuti abise dzina langa chifukwa nkhaniyi ikukhudzanso apongozi anga, omwe ndimawalemekeza kwambiri.

Ndinachira masabata atatu apitawo kudzera pa opareshoni, ndipo mwana wanga, yemwe ndi wachisamba, anabadwa wokwana masiku ndiponso wathanzi. Popeza bala likadali kupweteka ndikamadzuka, mchemwali wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anatitumizira pa basi kabedi kamene kamagundika ku bedi la makolo, koti mbali yake imodzi imatsitsidwa kuti mayi azitha kutenga mwana osaimirira. Kabedika kanagonedwapo kale ndi mwana wina, ndipo kanafika kopanda kabuku ka malangizo komanso kopanda malamba omangira ku bedi, ngakhale malo olowetsamo malambawo akuoneka kunsi kwake.

Bedi lathu linapangidwa ndi kalipentala ndipo lili ndi thabwa lokhuthala lotulukira m'mbali, moti ndikagundika kabedi pamatsala mpata woti dzanja langa limalowa lonse pakati pa matiresi awiriwo. Dzana usiku ndinatsekapo ndi chitenje chopinda, koma m'mawa ndinachipeza chitagwera pansi, kabedi katasuntha pang'ono chifukwa simenti ya kuchipinda ndi yoterera. Mwana anali bwinobwino, koma kuyambira pamenepo mtima wanga sunakhazikike.

Apongozi anabwera kuchokera ku Chamama kudzandisamalira m'chikuta, ndipo akunena kuti khanda limagona kukhwapa kwa mayi ake, kuligoneka palokha n'kulizunza. Akunenanso kuti mwana wogona chagada amatsamwa akabweza mkaka, choncho amamugoneka chammbali n'kumuchinjiriza ndi pilo kumsana, kenako n'kumufunditsa mabulangete awiri ali ndi chipewa kumutu. Popeza June wayamba ndi chisanu, madzulo amafuna kulowetsa mbaula kuchipinda. Iwo analera ana asanu ndi awiri, ine ndangoyamba kumene, ndiye zimandivuta kuwatsutsa. Kodi kabedika ndingakagwiritse ntchito motani popanda malamba? Nanga neti ndiimange bwanji, popeza imene ndinalandira ku sikelo imangokwanira bedi lathu? Ndipo apongozi ndiwauze chiyani?

Yankho la mzamba wopuma pa ntchito, wa pa boma pa Kasungu:

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa, ndipo usikuuno usadikire mayankho ena. Kweza mbali yotsitsayo, uitseke bwinobwino, ndipo kabediko kakhale ngati bedi wamba loima palokha pafupi ndi pomwe umagona. Kabedi ka mtunduwu kamakhala kotsegula mbali pokhapokha ngati kamangidwa molimba ku bedi la makolo ndipo palibe mpata uliwonse. Khanda la masabata atatu silingathe kudzutsa mutu wake n'kuuchotsa pamene watsekereka, choncho nkhope yake ikalowa mu mpata woterowo limabanika mwakachetechete, osalira n'komwe. Chitenje, pilo kapena bulangete lopinda sizitseka mpata, zimangowonjezera chinthu china chofewa chimene chingatseke mphuno za mwana.

Pa nkhani ya kagonedwe, apongozi ako sakulankhula mwa umbuli ayi, chifukwa ngakhale ife a chipatala tinkaphunzitsa amayi kugoneka makanda chammbali kapena chafufumimba. Zinasintha madokotala ataona kuti imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo, zimene amazitcha SIDS, zinkachuluka pakati pa ana ogona chafufumimba. Ku Britain anayamba kulimbikitsa kugoneka ana chagada mu 1991, ku America kampeni yotereyi inayamba mu 1994, ndipo m'mayiko onsewa imfa zoterezi zinatsika ndi theka kapena kuposerapo. Kugona chammbali vuto lake n'lakuti mwana amatha kugubudukira pamimba. Za kutsamwazo, uwafotokozere mofatsa kuti mwana akagona chagada njira ya mpweya imakhala pamwamba, ya chakudya pansi, ndiye mkaka umene wabweza umabwerera m'njira ya chakudya kapena amaulavula, chifukwa khanda lathanzi limameza ndi kutsokomola palokha. Akagona chafufumimba njira ziwirizi zimatembenuka, ndipo mkaka umatha kutsikira kumene kumadutsa mpweya. Ukamaliza kuyamwitsa umuike paphewa kuti ageye, kenako umugoneke chagada pa matiresi olimba ndi athyathyathya, opanda pilo, zidole kapena nsalu zotchingira m'mbali.

Za chisanu ndikuzimvetsa, usiku wa June ndi July kuno kumazizira zedi. Komabe kutentha kwambiri kumaikanso khanda pa chiopsezo. Umuveke zovala zofunda zomukwana bwino, mapazi ake akhale kumapeto kwenikweni kwa kabedi kuti asatsetserekere kunsi kwa chofunda, ndipo bulangete likhale limodzi lopepuka, lolekezera pachifuwa, m'mbali mwake mutapisidwa kunsi kwa matiresi. Ukafuna kudziwa ngati wafunda mokwanira umugwire pachifuwa kapena kumbuyo kwa khosi, osati manja ndi mapazi, chifukwa zimenezi zimazizira ngakhale mwana ali bwino. Popeza wako anabadwa wokwana masiku, chipewa chizivulidwa akamagona m'nyumba. Amayi a ana obadwa masiku asanakwane, amene ali pa kangaroo (njira yosunga mwana pachifuwa, khungu kukhudzana ndi khungu), inu tsatirani zimene anakuuzani kuchipatala chifukwa nkhani yanu ndi ina.

Mbaula yokha ndiye ndikukana kwamtuwagalu. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa poizoni wosaoneka ndiponso wopanda fungo, umene umapha ngakhale akuluakulu ali m'tulo.

Yankho la mayi wa ku Santhe:

Ndikupempha kuti tisamawaone apongoziwo ngati olakwa pa zonse. Ine ana anga anayi ndinagona nawo pamphasa ndi pabedi, ndipo kugona pafupi kunandithandiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi monga amatiuzira ku sikelo. Mabanja ambiri kuno alibe kabedi, ndipo neti imakhala imodzi, ndiye mwana akachoka pa bedi la mayi wachokanso mu neti. Malungo ndi amene timawaona akutenga ana m'midzi mwathu. Ngati kabediko kachititse kuti khanda ligone kunja kwa neti, ine ndikuona kuti kuli bwino kukasiya.

Mzamba uja anayankhanso:

Mayi a ku Santhe, mfundo yanu ya neti ndi yoona ndipo sindikuitsutsa. Mwana asagone kunja kwa neti ngakhale usiku umodzi. Kwa wofunsayu, popeza kabedi katsekedwa mbali zonse, kakhale ndi neti yakeyake yomangidwa kudenga, yokokedwa bwino ndi kupisidwa pansi kuti isalendewere pankhope pa mwana. Ngati neti yachiwiri sinapezeke, kuli bwino agone naye pabedi mu neti kusiyana n'kumusiya kunja kwa neti, koma mapilo ndi mabulangete a akuluakulu akhale kutali ndi mwana, asagonekedwe kukhoma kumene angagwere mu mpata, ndipo pabedipo pasakhale ana ena. Pali nthawi zina pamene kugona ndi khanda kumakhala koopsa kwenikweni: bambo kapena mayi akakhala wosuta fodya, akamwa mowa, akamwa mankhwala ogonetsa, komanso mwana akakhala kuti anabadwa masiku asanakwane kapena ndi sikelo yochepa. Kuno ku Kasungu timalima fodya ndipo osuta ndi ambiri, ndiye ngati bambo a mwanayo amasuta, kabedi n'kofunika kwambiri, ndipo asamasutire m'nyumba. Chinanso, mwana wanga, ngati ukumwabe mankhwala amphamvu a ululu wa opareshoni amene amabweretsa tulo, usagone naye pabedi. Usamayamwitsenso usiku utakhala pa sofa uli ndi tulo, chifukwa kugona pa sofa ndi khanda n'koopsa kuposa pabedi.

Yankho la kalipentala wa ku Chinkhoma:

Amayi, ine ndimapanga mabedi, ndipo thabwa mukunenalo ndikulidziwa. Mmisiri amene anapanga bedilo akhoza kulipala kapena kulichotsa n'kuika lina lolowa mkati, kuti matiresi anu afike m'mphepete mwenimweni. Koma ndikuchenjezeni kuti musalole munthu kumanga kabedi ndi mphira wa chubu kapena nsalu, chifukwa zimenezi zimatamuka ndipo mpata umabwerera inu muli m'tulo. Pamafunika malamba osatamuka, odutsa kunsi kwa matiresi mpaka kukagwira mbali ina ya bedi. Kwa amene mukufuna kupangitsa kabedi kathabwa, muuzeni mmisiri kuti mpata wa pakati pa timatabwa ta m'mbali usapitirire masentimita 6, ndipo matiresi adulidwe okwana ndendende, oti zala zoposa ziwiri zisalowe pakati pa matiresi ndi thabwa.

Yankho la mayi wa kwa Chulu amene akukhala ku Manchester:

Achemwali, ine ndinagwiritsapo ntchito kabedi kotere. Onani kunsi kapena pa mwendo, pamakhala pepala lomatidwa losonyeza dzina la kampani ndi mtundu wake, ndipo ndi dzinalo mukhoza kupeza kabuku ka malangizo pa intaneti komanso kuuza mchemwali wanu malamba oyenera kugula. Malamulo a kuno ku Ulaya a 2019 amafuna kuti mbali ikatsitsidwa pazitsala kampanda kosachepera masentimita 12, ndiye ngati kanu mbali imatsikiratu mpaka pa matiresi, n'kakalekale ndipo mwana asamagonemo kali kotsegula. Kampandako kasakhale pamwamba kuposa matiresi anu. Ngati miyendo imalola kupendeketsa kabedi, musapendeketse, kakhale kofanana mbali zonse. Muonenso matiresi ngati sanafewe, kung'ambika kapena kuchita nkhungu m'njira. Mukamachoka m'chipinda mbali izikwezedwa nthawi zonse, ndipo mwana akayamba kukhala yekha kapena kudzitukula ndi manja ndi mawondo, zomwe zimachitika cha m'miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, nthawi ya kabedika yatha.

Wofunsa uja analembanso tsiku lotsatira:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu amayi azamba. Usiku wathawu mwana anagona m'kabedi kotseka mbali zonse, chagada, ndi bulangete limodzi, mu neti imene bambo ake anakagula madzulo. Ndinawawerengera apongozi mayankho onse, kuphatikizapo la mayi a ku Santhe, ndipo atamva kuti ngakhale azamba ankaphunzitsa kale zimene iwo amachita, nkhope yawo inamasuka. Za mbaula avomera, za pilo avomeranso, koma za chipewa akanabe, ndipo tagwirizana kuti Lachitatu tipitira limodzi ku sikelo kuti akafunse okha anamwino. Pepala la kunsi kwa kabedi ndalipeza ndipo ndatumiza chithunzi chake ku Johannesburg. Chimene chikundivutabe n'chakuti kumunyamula mwana kudutsa pamwamba pa mbali yokwezedwayo kukundikoka pa bala, ndiye pakadali pano bambo ake ndi amene akumadzuka kundipatsira. Amayi amene munachira pa opareshoni, munkatani usiku abambo akakhala kuti achokapo?