Matimati anga angoima chiperoni chitadutsa, nditani abale?

Wapadimba_Chisitu:
Moni nonse alimi anzanga. Ine ndili ku Chisitu kuno ku Mulanje, ndinawokera matimati a Tengeru kumapeto kwa Meyi, mapando ngati 400 padimba lathu la kumtsinje. Nditangowokera basi chiperoni chinagwa, sabata ziwiri dzuwa osaliona, kamvula kowaza kaja usana ndi usiku mpaka phiri osaoneka ndi komwe. Pano kwayera koma mbewu zili pomwe ndinazisiya, iyi ndi sabata yachisanu koma kutalika kwake chikhatho basi, masamba am'munsi achikasu ena kunsi kwake akuoneka apepo, ndiye chondidabwitsa tina tayamba kale maluwa tili tochepa choncho. Ndili ndi Urea wotsala ku chimanga, ndithire? Kapena ndingozula ndifese ina?

Mayi_wa_pa_Bvumbwe:
Achimwene musazule ayi, ndipo Urea uyo muyambe mwamusiya m'thumba momwemo. Matimati ndi mbewu ya dzuwa, usiku kukamazizira mpaka pansi pa madigiri 10 amangokhala chete, mizu siyenda. Upepo mukuuona pamasambawo ndi kuperewera kwa fosifolasi, chakudya china cha mbewu, sikuti m'dothimo mulibe nthawi zonse ayi koma dothi likazizira ndi kunyowa mizu imalephera kukoka, kukafunda masamba atsopano amatuluka obiriwira okha. Chikasu cham'munsicho ndiye chakudya chinakokoloka ndi madzi. Koma funso langa, pisani chala pafupi ndi tsinde, dothi likumata? Ngati likumata siyani keni kaye, anthufe timakonda kuthirira m'mawa uliwonse ngati lamulo pomwe mizu ikubanika. Tsegulani ngalande pakati pa mabedi madzi atsike, mupalire mopepuka pamwamba kuswa chikhakha chija koma khasu lisalowe kwambiri mungadule mizu. Ngati munaphimbira udzu ukankhireni pambali dzuwa liwombe dothi, mudzaubwezera mu Ogasiti kukayamba kutentha. Timaluwato thotholani tonse, ndikudziwa zimawawa koma kamtengo kachikhatho kakagwira chipatso kathera pomwepo.

Mnyamata_wa_Luchenza:
Ine ndiye ndimathira basi, chaka chatha anga anachita chimodzimodzi ndinawapatsa feteleza wa CAN sabata imodzi yokha anadzuka. Kudikira dzuwa mpaka liti akulu, anzanu akhala akugulitsa inu mukuyang'ana kumwamba kkkk

Mayi_wa_pa_Bvumbwe:
Mwana wanga CAN sindikukana, koma iweyo unathira dothi litauma kale kapena lili matope? Nkhani ili pamenepo. Akaona kansonga katsopano kobiriwira athire CAN kachitsekero ka botolo kamodzi pa phando, motalikira tsinde ngati zala zinayi n'kukwirira. Urea wosakwirira amangouluka, ukachulutsa umawotcha timizu tofookato ndipo kotsalako kamangochita masamba.

Gogo_Thekerani:
Ana inu mwaiwala chachikulu, matenda a chiwawu. Chiperoni ndi chiwawu ndi pachibale, nkhungu ija ndi imene imachibweretsa. Mawa m'mamawa mame asanaume mukatembenuze masamba limodzilimodzi, mukaona madontho akuda ngati apsa ndi madzi otentha, kunsi kwake kuli kanthu koyera ngati nguwi, kapena tsinde lada, ndi chimenecho. Ine chinandimaliza munda wonse masiku anayi okha, Lolemba ndinaona masamba awiri ndinati ndidzagula mankhwala tsiku lamsika, pofika Lachisanu kunali kununkha. Masamba ogwidwa ndi onse okhudza pansi chotsani mukakwirire kutali, poperani mankhwala a Dithane M45 kapena Copper sabata iliyonse ngati nkhungu ikubwerabe, awa ndi oteteza chabe samachiza tsamba lodwala kale. Chikalowa ndithu pamafunika Ridomil, mlingo muwerenge papaketi osati zongoyerekeza ndi maso. Pothirira thirirani pansi osati kusambitsa mbewu, komanso m'mawa osati madzulo.

Za chakudya ine ndimadalira zitosi za nkhuku, theka la thumba kumanga n'kuviika m'diramu sabata ziwiri, madzi akewo kusungunula mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka wofooka uja. Komanso dothi lathu la kuno kwa tiyi ndi la asidi, tiyi amakondwa nalo koma matimati ayi, fosifolasi amamangika. Ulendo wina muthire laimu kapena phulusa pokonza mabedi mwezi usanafike wowokera, ndi D Compound m'phando.

Wapadimba_Chisitu:
Zikomo amayi, zikomo agogo. Ndapita kukapisa chala, ee likumata ngati dongo loumbira mbiya, ndipo ndivomere ndakhala ndikuthirira daily ngakhale m'chiperoni momwe poganiza kuti chikasucho ndi ludzu. Madontho akuda ndapeza pa mitengo isanu ndi iwiri ya kumapeto kufupi ndi nthochi komwe dzuwa limafika mochedwa, masambawo ndachotsa. Ngalande ndatsegula madzulo ano madzi anachita kuyenda. Dithane ndikagula mawa pa Chitakale, koma agogo pa mitengoyo iwiri yada tsinde, ndiipopere nayo kapena ndingoizula?

Gogo_Thekerani:
Zulani iwiriyo, ndipo musambe m'manja musanagwire inayo. Makwaule a nthochiwo dulaniko dzuwa lilowe.